Kochi wa Njati za ku Dambe

Dambe, Neno
Julayi, 1989

Okondedwa achimwene a Zefaniya,

Muli bwanji ku Ndirande kumeneko? Nanga alamu anga a Phoebe? Chifuwa chija cha Yunike chinatha? Ife kuno tilipo, kungoti chiperoni chakana kuchoka paphiri, ndipo mayi akudandaula miyendo monga mwa masiku onse.

Kalatayi sindinaiponye ku positi. Ndapatsira a dalaivala a lole ya kachewere, chifukwa chake muchimva mukamawerenga.

Nkhani ndi ya Njati, timu yanu ija munaiyambitsa ndi mpira wachikulunga. Munamva kuti aphunzitsi akumpoto anauzidwa kuti abwerere kwawo. A Msiska, amene ankaphunzitsa anyamatawa mpira, nawo anakwezedwa lole. Chichokereni iwo, Njati zasanduka mbuzi. Aliyense akungodzichinyira. Amayi a ku Matandani afika potipekera nyimbo, moti ine kuchigayo ndimapita nditaweramitsa mutu.

Komiti inati pafunika kochi wina msanga. Alamu anu, bambo a Loveness, ndiwo wapampando wa komitiyo, ndiye mpira tikudyera pamodzi ndi ndiwo m'nyumba muno.

Anthu ofuna udindowu anapezeka awiri. Woyamba ndi mng'ono wanu Herbert. Paja tsopano ndi mkulu wa ayufi kuno, malaya ofiira sachoka pathupi. Wachiwiri ndi a Ezekiele, bambo wina wothawa nkhondo ku Mozambiki. Analembetsa kukampu ya ku Luwani, koma amakhala kuno, akuumba njerwa za tchalitchi. Akuti kwawo ku Tete ankasewera mpira wa nsapato. Iwo sanadzitchule okha ayi, anyamata ndiwo anawaona tsiku lina akuimitsa mpira ndi chifuwa, basi osawasiyanso.

Alamu anu anati, poopa kukondera, aliyense apatsidwe masewero amodzi.

Herbert anayamba. Achimwene, mukanaona! Anyamata ankangoguba ndi kuimba, mpira uli poteropo. Tsiku la masewero anaima pachipata n'kumafunsa makadi a chipani. Goloboyi wathu Alufeyo anali ataiwala yake kunyumba, Herbert n'kumubweza. Pagolo anaikapo mnzake wa ayufi amene amatsinzina mpira ukamabwera. Zigoli zake ine ndinaleka kuwerenga.

A Ezekiele atatenga timu, sankakalipa n'komwe. Chichewa chawo n'chopotoka, ana amawaseka, koma amagwira mnyamata paphewa n'kumuonetsa poima. Tinapita ku Matandani wapansi, n'kukawachinya pakwawo pomwe, ziwiri kwa chimodzi. Ndinabwerako mawu atatha. Ngakhale mayi, ndi miyendo yawo ija, anavina pakhonde.

Loweruka lapitali ndiye linali tsiku losankha, pabwalo la mpira pomwepo. Komiti inati aliyense aime kumbuyo kwa amene akumufuna. Herbert anayamba walankhula. Anati timu ya Amalawi singaphunzitsidwe ndi mlendo wodya ufa wa chithandizo, ndipo amene aime kumbuyo kwa mlendo adzifunse kaye ngati amakonda dziko lake.

Woyamba kusuntha anali Alufeyo. Anapita kukaima kumbuyo kwa a Ezekiele, khadi yake ataikweza m'mwamba kuti aliyense aione. Ena anatsatira mmodzimmodzi, maso ali pansi. Kumbuyo kwa Herbert kunali anzake a malaya ofiira okhaokha.

Anatsala alamu anu. Ndinkawayang'ana ndili pansi pa mtengo wa nachesi. Ndinkafuna aime kwa Herbert, ndinkafunanso asaimeko. Anavula chipewa, n'kunena kuti, "Alamu, mundikhululukire, koma mpira ndi mpira." Anakaima kwa a Ezekiele.

Munthu wina kumbuyo anaseka. Sindikudziwa kuti anali ndani, koma Herbert anamva.

Madzulo ake anabwera kwathu. Anakana mpando, anakananso madzi. Anauza alamu anu kuti apita ku boma kukanena zinthu ziwiri: kuti kuno kuli wothawa nkhondo amene anachoka kukampu popanda chilolezo, ndiponso kuti wapampando wa timu ananyoza chipani pamaso pa anthu. Inu mukudziwa kumene mawu otere amafikitsa munthu. Mukukumbuka bambo aja a ku Ligowe anatengedwa pa Landirova chaka chija, mpaka lero akazi awo akulima okha.

Ndinamutsatira mpaka kumseu. Ndinamukumbutsa kuti ndinamubereka kumsana ine, kuti Loveness ndi mwana wa mlongo wake. Anaima, osatembenuka, n'kundifunsa kuti, "Achemwali, kodi inunso munaseka?" Ndinalumbira kuti ayi. Anati, "Koma munavina ku Matandani." Ndipo kuvinako ndinavinadi.

A Ezekiele atamva, anabwera m'mawa kudzatula udindo. Anati anathawa mfuti kwawo, sangabwere kudzapasula banja la eni chifukwa cha chikopa chopopa. Alamu anu akanitsitsa, akuti anthu anasankha masana dzuwa likuswa mtengo. Anyamata nawo akuti a Ezekiele akachoka, iwo mpira ausiya. Aliyense waumitsa khosi, ndipo ine ndili pakati. Ndikamva galimoto kumsewu, khasu limagwa lokha m'manja.

Herbert si woipa, achimwene, inu mukumudziwa. Chikumudya ndi manyazi. Sukulu inamukanika, ntchito ya ku esiteti inamukanika, ndiye anati mwina pa mpira anthu amuombera m'manja. Koma khoswe wa pamkhate sapheka. Ine sindingakamunenere kwina, ndipo abusa anayesa kulankhula naye, iye anangowapatsa moni n'kutuluka. Munthu amene amamuopa ndinu nokha, amene munamulera bambo atamwalira.

Herbert anafuna kunyamuka Lolemba. Mayi anadzuka m'mamawa, n'kutenga malaya ake ofiira aja, n'kuwaviika mumtsuko, ati anali akuda. Iye sangakaonekere ku boma opanda yunifolomu. Dzulo atayamba kuuma, mayi anawagwetsera m'matope, ati mphepo, n'kuwachapanso. Herbert wayamba kuwayang'ana ndi diso lina. Kachitatu sizitheka, ndipo lero kumwamba kwayamba kuyera.

Chonde pemphani tchuthi kwa abwana anu, munene kuti mayi akudwala, simukhala mutanama kwenikweni. Lole yomweyi ibwerera kuno mawa. Mukwere imeneyo. Musadikire kumapeto kwa mwezi, malaya sadikira.

Mundiperekere moni kwa alamu anga ndi ana onse. Loveness akuti musaiwale masikono. Ambuye akusungeni, ndipo akuyendetseni bwino pamsewu wathu woipawu.

Ndine mlongo wanu,
Jessie