Kampheta Wayimba Nyimbo za Chinjoka

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino, ndiponso kuti miyendo ya amayi yasiya kutupa. Kuno tilipo. Ndikulemba ndi chimwemwe chachikulu. Kampheta wanu wayimba!

Mukudziwa kuti chimwalirire bambo ake, mwanayu anangoti zii. Kusukulu ankangogwedeza mutu, kunyumba ankangoloza chimene akufuna. Ndinayamba kuopa kuti mawu ake tinawaika m'manda limodzi ndi malemu.

Kulaibulale kumene ndimagwira ntchito, Loweruka timaonetsa ana kanema pakhoma. Ulendo uno abwana anasankha kanema wakale wa nyimbo, wa mwana wamasiye ndi bwenzi lake chinjoka chamapiko. Amayi asadzidzimuke, si chinjoka cha m'Baibulo, kapena zodya anthu za m'mabuku zija. Ichi n'chofatsa, chonenepa, chikatembenuka mchira umagwetsa mipanda ya eni. Malemu ankakonda kuonera kanemayu ndi mwana wawo.

Tsono ine, ndi mutu wanga wa masiku ano, ndinatsekera chingwe cha sipika m'kabati, abwana n'kupita ndi makiyi. Zithunzi zikuyenda, mawu osamveka. Ana anayamba kuwowoza, wina n'kufunsa ngati chinjokacho chadwala chimfine.

Itafika nyimbo yoyamba, ndinamva kamawu kuchokera pakati pa mashelefu. Anali Kampheta. Ankayimba mawu amene bambo ake anapeka okha poti Chingerezi cha m'nyimbo chinkawathamangira, akuti chinjoka chameza nsapato za aphunzitsi. Chinjoka chikatsegula kukamwa, iye ankang'ung'udza ndi mawu aakulu monga ankachitira iwo. Ana anafa nacho chiseko, kenaka n'kuyamba kuvomera. Mlonda anandipeza ndikulira kuseri kwa chitseko, n'kundilimbitsa mtima kuti chingwe si chinthu cholirira.

Koma pa nyimbo yomaliza, pamene chinjoka chikutsanzikana ndi mwana, Kampheta anaima. Mawu a nyimboyo wawaiwala. Wandifunsa kangapo, ine sindiwadziwa.

Pempho langa ndi ili. M'sutikesi imene ndinasiya kwanu muli foni ya malemu, yosweka galasi ija. Iwo anadzijambulamo akuyimba nyimbo zonsezi. Ndamva kuti alamu akufuna kukaikonzetsa kuti aziigwiritsa ntchito. Chonde achemwali, isafike kwa okonza, paja iwo amayamba ndi kufufuta zonse. Ikulungeni m'nsalu, muipereke kwa dalaivala wa basi amene amatibweretsera katundu. Ndikatulutsamo nyimbozo, foniyo ndidzaibweza ndekha kwa alamu.

Mundiperekere moni kwa amayi, amalume, alamu ndi ana onse. Kampheta akuti agogo ake akonzeke, pa holide adzawaphunzitsa kung'ung'udza ngati chinjoka, ndipo sadzalola zoti miyendo ikuwawa.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,
Mayi a Kampheta