Gadiyani wa Amayi

9 Juni 2020, Lachiwiri

Al Hilal, ku Doha. Kunja ng'anjo, m'nyumba ndende. Korona. Chotsala ndi foni basi.

Pa gulupu yathu ya Amalawi a ku Doha phokoso la chisankho. A Waziri, dalaivala wa ku Madinat Khalifa, akuti munthu wawo akawina aliyense adzakhala ndi khadi limodzi, boma lizilipira chipatala chilichonse, cha mishoni chomwe. A Mussa akuti bodza, ndalama zake zichokera kuti, wawo ndiye adzamanga zipatala. Anthu oti kuno savota n'komwe.

Ndawalembera kuti cha boma n'chaulere kale. Kulowa ulere, kugona ulere, panado kagule wekha kugolosale. A Waziri akuti, "Chemwali Fauziya, ndale si kutsuka mapoto." Ndawayankha kuti galimoto amayendetsayo ndi ya eni, nzeru nazonso n'zobwereka. Ine sindizungulira.

12 Juni, Lachisanu

Amayi awagoneka kuchipatala cha boma kwathu. Shuga, ndi bala la pamwendo losapola.

Mlongo wanga Tahiru waimba ali pa lole ya kampeni, nyimbo kumbuyo. Akuti mwamuna sagona ku wodi ya azimayi, ndiye iye atani. Zoona, koma kuyankhula kwake ngati akunena za mbuzi. Mkazi wake ali m'chikuta. Wina palibe.

Wodwala wopanda gadiyani kwathu amusambitsa ndani? Phala? Kuchimbudzi amugwira mkono ndani? Anamwino sangathe, wodi yadzadza mpaka pansi.

14 Juni, Lamulungu

Ndasambitsa mayi awo a Madamu, abwana anga, kuwadzoza mafuta, kuwabaya jakisoni wa shuga pa nthawi yake. Matenda omwewo. Mankhwala mbwee mufiriji. Manja anga omwewa.

Ndapempha kupita. Madamu akuti, "Inshallah, korona khalas, ikatha upita." Akuti lamulo latsopano silifunanso chilolezo cha abwana kuti wantchito atuluke m'dziko. Zikomo kwambiri. Nanga ndege yake ili kuti? Ndiuluke pa tsache?

17 Juni, Lachitatu

Gadiyani wa bedi loyandikana ndiye amawagawira Amayi phala. Wodwala wake amutulutsa lero. Tahiru anangosiya mabanzi kwa mlonda pageti n'kuthamangira msonkhano.

Pa gulupu akadali pa khadi. Ndafunsa: m'mapepala a anthu anuwo, alipo walemba za wotembenuza wodwala, wochapa zitenje zake? Kenako a Waziri, "Khadi likabwera zonse zitheka."

Mutu unawira. Ndajambula voisi, ndawatchula mbuli yovala tayi, ndanena za Amayi zonse, wodi yake, bala, njala, anthu onse akumva. Manyazi. Ndatuluka pa gulupu.

19 Juni, Lachisanu

Tahiru sakuyankha. Foni ya Amayi yatha moto.

Ndaphwanya kapu ya Madamu. Sindinapepese bwino.

21 Juni, Lamulungu

Nambala yachilendo. Mawu a mayi wodekha, dzina Umi. Akuti ali pa wodi kuyambira Lachisanu madzulo, ndi mkeka, ndowa ndi kambaula. Wawasambitsa Amayi, wachapa, wakangana ndi adokotala mpaka bala alitsuka. Anawapatsa foni. Amayi mawu ofooka, koma funso loyamba, "Ukudya kumeneko?"

Ndakhala pansi pa matailosi a kukhitchini.

Ndamufunsa Umi, wakutumani ndani? Anayamba waseka. "Bambo a kunyumba, a Waziri. Anati ndisakuuzeni, mundithamangitsa." Ana wasiya kwa apongozi ake. Ulendo wa minibasi, nthawi ya korona, kudzagona pa simenti chifukwa cha mayi wa munthu wotukwana mwamuna wake.

22 Juni, Lolemba

Mawa akuvota. Awine amene awine.

Uthenga wopita kwa a Waziri ndalemba, kufufuta, kulembanso. Mapeto ake ndatumiza, "Zikomo achimwene, Allah akulipireni."

Ayankha msanga. "Palibe kanthu chemwali, mayi ndi wa tonse. Koma khadi lija mulimvetsetse, ndi labwino."

Munthu ameneyu. Khadi silinyamula ndowa, yanyamulidwa ndi akazi anu, inu muli phee mu eyakoni kuwerenga malonjezo. Ndalemba choncho, mawu onse, osasiyako.

Sindinatumize. Koyamba chibadwire.