Makope a Mvula a Bambo

Lachinayi, 20 Novembala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Musadabwe kuti ndalemba papepala pomwe foni ilipo. Katatu konse ndakuimbirani kuti ndinene zimene zili m'kalata muno, ndipo katatu konse ndathera kufunsa za chifuwa cha mwana ndi kuzizira kwa kumeneko. Inunso mumadzidziwa, munthu akayamba kulankhula mumamumalizira ndinu. Pepala lokha ndi limene simungalidule mawu.

Ndiyambe ndi zimene mukufuna kumva. Denga latha kukhomedwa. Malata munatumiza aja akwanira, atsalako awiri, ndipo mvula ya dzulo sinalowe ngakhale dontho. Amayi abwerera kuchipinda kwawo, matiresi anauma, makina awo osokera ndawathira mafuta ndipo akuyenda. Mwendo ukuwavutabe m'mawa, koma akudya bwino.

Tsopano nkhani ya makope a bambo. Mukudziwa kuti ananyowa. Chimene simukudziwa n'chakuti amene anawanyowetsa ndine, si a Kalipentala, mnzawo wa bambo uja, ayi. Chonde werengani mpaka kumapeto musanagwire foni.

Mukukumbukira kapulogalamu kaja ndinakutumizirani chaka chatha, inu n'kuyankha kuti "mwana wa bambo ake"? Ndinayamba kukalemba bambo atangotisiya. Loweruka lililonse, ndiponso masana ku ofesi ya sukulu anzanga akapita kukadya, ine ndinkakhala pa laputopu yakale ija yosowa batani limodzi. Si kanthu kodabwitsa ayi. Kamatenga mapu pa intaneti, n'kufunsa bungwe lina la zanyengo, lomwe limapereka manambala ake ulere, kuti kuno kukhala bwanji. Kakayankhidwa, kamajambula kadzuwa kapena kamtambo pamwamba pa msewu wathu. Tsiku limene kadontho kabuluu kanaima ndendende pa nyumba ya amayi, pakona paja pali mzati wa chitini choyezera mvula, ndinalira ndekha mu ofesi ngati wopusa. Ndinkaona ngati ndikupitiriza ntchito ya bambo. Iwo zaka makumi atatu ndi chimodzi ankatuluka sikisi koloko m'mawa ndi rula, kuyeza madzi m'chitini, n'kulemba m'kope. Ine ndinkati ndichita zomwezo osanyowa mapazi.

Pali zinthu ziwiri zimene ndinachita m'kapulogalamuko, ndipo zonse ndinazichita chifukwa chofuna kutamandidwa. Nthawi zina bungwe lija silinkayankha, mapu n'kukhala opanda kanthu, ndipo ndinkachita manyazi ndikamaonetsa anthu. Ndiye ndinakalamula kuti kakapanda kuyankhidwa, kazingoonetsa zimene kanamva komaliza. Chachiwiri, pansi pake panali kamzere konena tsiku ndi ola limene manambalawo anabwera. Ndinaona kuti kakuipitsa mapu anga okongola. Ndinakachotsa. Mzere umodzi wokha, achimwene, ndinaufufuta ndi chala chimodzi kwinaku ndikumwa tiyi.

Mwezi wathawu bungwe lija linasintha adiresi yofunsirako. Anatumiza uthenga kwa aliyense, inenso unandifika, koma sindinautsegule. Kuyambira tsiku limenelo kapulogalamu kanga kankagogoda pakhomo pa nyumba imene eni ake anasamukamo, n'kumandionetsa dzuwa lakale. Masiku asanu ndi anayi dzuwa lomwelomwelo, ine n'kumauza anthu kuti chaka chino mvula yachedwa.

Lachiwiri lija a Kalipentala anafika m'mawa ndi makwerero awo kudzasasula denga lakale. Anaima pabwalo, anayang'ana kumwamba nthawi yaitali, kenako anati:

"Mwanawe, mphepo iyi sindikuikonda. Tisasule chipinda chimodzi, tikhome, mawa china. Kapena tidikire Lachinayi, mnzanga wa lole uja wandilonjeza lona, tidzaphimbire pamwamba."

Ine tchuthi anandipatsa cha masiku awiri okha. Ndinatulutsa foni n'kuwaonetsa tidzuwa tinayi titandandalikana.

"Bambo, mpaka Lachisanu kulibe ngakhale dontho. Awa ndi manambala a masetilaiti, si za mphepo."

"Kanthu kameneka kamaona kuseri kwa phiri?"

"Kamaona dziko lonse. Ndinakapanga ndekha."

Anandiyang'ana n'kuseka pang'ono. "Bambo ako sanandinamizepo za mvula. Ukatero iwe, chabwino."

Amayi anali pakhonde, anamva zonse. Anafunsa ngati tisamutsireko katundu kwa aneba. Ndinati, "Musadzivutitse ndi mwendo wanuwo." Mawu amenewo sakuchoka m'makutu mwanga mpaka lero.

Pofika leveni koloko denga lonse linali pansi. Cha m'ma thu koloko kunja kunada bii. Mvula sinayambe ndi mawawa ayi, inangokhuthuka. Tinathamangira matiresi, makina, mabulangeti, chithunzi cha ukwati. A Kalipentala, ndi zaka zawo zija, anali pamwamba pa mitanda yoterera akulimbana ndi lata limodzi kuti aphimbe bedi la amayi, ine pansi ndikukuwa kuti atsike. Katoni ya makope inali pamwamba pa kabati, pomwe bambo ankaiika kuopa chiswe. Palibe amene anaikumbukira. Tinaitsitsa m'mawa mwake, pansi pake n'kubooka, makope onse n'kugwa phwaa atamatirirana. Inki ya bambo ija, yothira m'cholembera, inali itayenderera mpaka kudetsa chitseko cha kabati.

Madzulo a tsikulo munaimba. Amayi anangoti denga linali losasula pamene mvula inabwera. Sananene zambiri, inunso simunadikire zambiri. Munati ndi mmisiri wanji wosasula nyumba yonse mitambo ili pamutu. Foni inali pa sipika, ine nditakhala pambali pa amayi, manja anga ali buluu ndi inki. Munafunsa kuti, "Nanga iwe unali kuti?" Ndinati ndinali mkati. Mkatimo ndinalidi, koma m'moyo mwanga sindinanamepo bodza lalikulu ngati limenelo.

Zimene munawauza a Kalipentala pa foni ndinazimva kwa akazi awo. Kuti akalamba, maso anafa, asiye ntchito asanaphe munthu. Kuti bambo akanakhalapo sakanawalolanso kuponda pakhomo pathu. Mawu omalizawa ndi amene anawalasa mtima, paja mukudziwa kuti bokosi limene tinagonekamo bambo anakhoma ndi iwowo, misozi ikugwera pathabwa. Uthenga munaika pagulu la achibale uja sunathere pagulupo. Azakhali mukuwadziwa, nkhani siigona m'kamwa mwawo. Mayi wa golosale amene ankafuna denga la sitolo yake waitana mmisiri wina. Ahedi athu, amene anali atawalonjeza ntchito yokonza madesiki, anandifunsa ine, ineyo, ngati n'zoona kuti mkuluyo wayamba kusokonezeka. Ndinayankha kuti sindikudziwa. Pamsewu pano anthu ayamba kuwatchula kuti a Sasulani. Paja amati mvula ikakuona litsiro siikata, koma litsiro limeneli si lawo, ndinawapaka ndine.

Masabata atatu amayi sanandinene kanthu. Sabata yatha ndikuwasisita mwendo anangoti, "Achimwene ako uwauza liti?" Ndinati ndikufuna mpata wabwino. Iwo anati, "Mlandu suola, mwana wanga, koma amene wakusenzera amatopa." Ndinapitiriza kusisita osadzutsa mutu, manyazi atandigwira mpaka m'mafupa.

Loweruka ndinapita ku shedi kwa a Kalipentala. Ndinawapeza atakhala pabenchi, mulibe thabwa la kasitomala ngakhale limodzi, pansi posesedwa bwino, popanda ndi utuchi womwe. Shedi imene tinkaletsedwa kulowamo opanda nsapato ija! Nditayamba kupepesa anandidula.

"Anakwera padenga ndani, iwe kapena ine? Mphepo ndinaimva, mitambo ndinaiona, nyundo inali m'dzanja langa. Usamuuze mlongo wako. Mulipo awiri okha. Ine dzina langa linagwira kale ntchito yake, koma inu mukadana, amayi anu atsala ndi ndani?"

Ndinati zimenezo sindingathe. Anapukusa mutu n'kunena kuti kuuma mutu kumeneku akukudziwa kumene ndinakutenga.

Kenako anandiitanira kuseri kwa shedi. Achimwene, katoni ija amayi anawapatsa iwo tsiku lomwe tinaitsitsa lija. Ine ndinkayesa kuti anaitaya kuti ndisamaione. Makope onse anawapanikiza pakati pa matabwa ndi zitsulo zawo zopanira zija. Tsiku lililonse amamasula limodzi, n'kumalekanitsa masamba ndi lezala, tsamba ndi tsamba, kuika nyuzipepala pakati. Masamba ambiri ndi utoto wabuluu basi. Ena manambala akuoneka. Akuti popeza ntchito kulibe, nthawi ilipo yambiri. Ananena akuseka, koma ine kuseka kunandikanika.

Pali chinanso choti ndiulule, ndithane nazo zonse lero. Munandipempha kawiri kuti ndijambule makope onse ndi foni, ndipo ndinkakuuzani kuti ndili mkati mojambula. Ndinajambula asanu ndi awiri okha mwa makope makumi atatu ndi limodzi. Ndinayambira chaka chimene ndinabadwa ine kupita kutsogolo, chifukwa ndinkafuna manambala oti ndiike pa mapu anga, ndipo nditatopa ndinasiya. Zaka zanu sindinazikhudze. Kope lija la chaka chimene munabadwa, limene bambo ankakuwerengerani chaka chilichonse pa tsiku lanu lobadwa, ine n'kumatupa ndi nsanje pakona, silinajambulidwe.

A Kalipentala anayambira limenelo. Analimasula m'mawa wotsatira tsiku limene munawanyoza. Nditawafunsa chifukwa chake, anati tsiku limene munabadwa iwo analipo. Anachokera limodzi ndi bambo kuchipatala, matope mpaka m'mawondo, ndipo ndi iwo anagwira ambulera pamene bambo ankayeza madzi m'chitini. Tsambalo ndaliika m'kalata muno, pakati pa tizidutswa tiwiri ta katoni, mutsegule mosamala. Nambala ya mvula inafufutika. A Kalipentala akuti inali mamilimita makumi anayi ndi awiri, amayi akuti inaposa pamenepo, ndipo atsutsana mpaka tiyi kuzizira. Mawu akuti "mwana wamwamuna" atsala theka. Koma mzere womaliza uli wonse, ndi zilembo za bambo zopendekeka zija: "Onse ali bwino."

Kapulogalamu kaja sindinakafufute, ngakhale ndinafunitsitsa. Ndakakonza. Kamzere ka tsiku ndi ola kabwerera, tsopano kali pamwamba penipeni ndi zilembo zikuluzikulu, konyansa ndithu, ndipo kakhala choncho. Manambala akatha maola atatu osabwera atsopano, mapu amazima, n'kutsala mawu akuti: "Sindikudziwa. Tulukani muone kumwamba." Anzanga asanu ndi mmodzi amene ali nako ndawauza mmodzimmodzi zimene zinachitika. Kwa ahedi ndinapita Lolemba, kwa mayi wa golosale ndinapita dzana. Anandimvetsera, koma mayiyo anati mwina ndikungowaikira kumbuyo chifukwa anali mnzawo wa malemu. Anatinso, "Nanga achimwene anu anganame ali kutali konseko?" Mwaona? Mawu amene anthu anakhulupirira ndi anu, ndipo ndinu nokha mungawabweze.

Choncho ndikukupemphani ziwiri. Muwaimbire. Musalembe uthenga ayi, muwaimbire amve mawu anu, ndipo muimbe isanakwane seveni koloko ya kuno, chifukwa foni amaisiya m'nyumba akamapita ku shedi. Kenako mulankhule pagulu la achibale lija, pomwe paja munalankhulira, ndipo munene amene analakwa. Musandibise. Mukafuna kundikalipira ndikalipireni, ndimvetsera zonse osadula foni. Mukafuna kundikhalira chete miyezi, ndidikira, ndi zondiyenera. Koma mkulu uja asadikire nawo, wadikira mokwanira.

Moni kwa alamu, muwauze kuti juzi ija amayi sakuivula. Ana muwauze kuti azakhali awo aang'ono akuwasowa. Amayi akupereka moni wambiri. Akuti ndikuuzeni kuti chitini cha bambo achibwezera pamzati, ndipo lero m'mawa atuluka ndi ndodo yawo n'kuyeza okha ndi rula. Alemba kuseri kwa kalendala, mamilimita khumi ndi awiri. A Kalipentala, nditawauza kuti ndikulemberani ndithu, anati, "Ndiye umupatse moni mwana wanga uja. Umufunse ngati chifuwa cha kamwana kake chinatha." Ndapereka monga anandituma.

Nthawi zonse ndimatseka ndi mawu akuti kuno tonse tili bwino. Lero mawu amenewo muwawerenge patsamba la bambo. Anga ndidzalemba mukawaimbira.

Ndine mlongo wanu,
uja bambo ankamutcha Kamtambo