Denga Limene Alamu Anafolera Okha

Achimwene,

Moni wochokera kuno ku Nkaya. Tonse tili bwino, koma amayi mwendo uja ukuwavutabe. Kaya inu ku Halale, odya buledi?

Lachiwiri alamu a Elube anakasuma kubwalo kuti ukwati uthe, poti zaka zisanu simunaoneke. Atsibweni, ankhoswe anu, anali chigonere ndi malungo, ndiye ndinapita ine, tayi wanu uja ali m'khosi. Ndinati, "Achimwene ali m'njira, yachedwa ndi sitima." Palibe anaseka. Oweruza anati, "Iwe ndiwe nkhoswe? Khala pansi."

Kenako anafunsa za nyumba imene munawamangira alamu kwawo. Alamu anayankha chapansipansi, "Anaimika mitengo n'kumapita. Padenga ndinakwera ndekha kukafolera, anthu akuona."

Agamula kuti pofika nthawi yokolola mukhale mutabwera. Apo iyayi, mutumize mawu owasudzula, ndipo ana atsala kwa amayi awo.

Chonde musanditumizire chipewa ndinapempha chija. Bwerani nokha, kapena amasuleni alamu. Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Yohane