Felistus Ananena Zoona za Batani Lija

Aphungu,

Sindinalembepo kalata kunyuzipepala, ndiye mundikhululukire ndikatalikitsa. Ndine bambo wa zaka 61, ndimakhala ku Chamboli kuno ku Kitwe. Ndinagwira ntchito zaka zambiri m'nyumba yosungira zipangizo kumgodi, tsopano ndinapuma. Mkazi wanga Felistus anamwalira mu Januwale chaka chino. Anali telala kumsika wa Chisokone. Tinakhala m'banja zaka 34, ndipo mwana wathu mmodzi, Brighton, ali pantchito ku Solwezi.

Nkhani yanga ikuyambira pa sewero la pa TV. Mwina mumalidziwa, lija la Inspekitala Chibesa, wapolisi wofufuza milandu, wadazi, wokhala yekha, amene amavala jekete limodzi lomwelo chaka ndi chaka. Ine ndi Felistus tinaliwonera zaka zisanu ndi zinayi, Lamulungu lililonse ikakwana 17 koloko. Iye ankatchula wopha munthu sewero lisanafike ndi pakati pomwe. Ine ndinkatchula wanga, ndipo kawirikawiri munthu wangayo ndiye ankapezeka ataphedwa mlungu wotsatira.

Chimene tinkakanganapo kwenikweni ndi batani. Jekete la Chibesa lili ndi mabatani atatu akuda ndi limodzi lobiriwira. Felistus analiona tsiku loyamba lomwe. Anati: "Atate ake Brighton, batani ilo lasokedwa ndi manja, ndipo ulusi wake ndi wina. Analisoka mkazi, ndipo bamboyu sanamuiwale." Ine ndinati anthu okonza sewero anangotaya batani n'kutola limene linali pafupi. Anandiyankha kuti: "Inu dziwani za mabawuti a kumgodi, za singano musiyire eni ake." Sanalekere m'nyumba. Anauza amzake kumsika, anauza a kuchitente, gulu lathu la mapemphero la m'dera muno, mpaka mseu wathu wonse unadziwa kuti kwathu kwa a Zulu kuli mlandu wa batani. Sewero linatha osafotokoza kanthu, ndipo mlanduwo unangokhala choncho.

Pamaliro, monga mukudziwa, katundu wa pabalaza amatulutsidwa kuti amayi apeze pokhala. TV inapita kwa aneba anga a Boaz, mnzanga wa kumgodi. Maliro atatha mipando inabwerera, koma TV sindinaifunse. Ndinalibe nayo ntchito. Ndinkadzuka, kusesa, kupita ku Misa, kubwera, basi.

Mwezi watha, Lamulungu masana, ndinaona a Boaz akukankha wilibala, TV itafunditsidwa bulangete. Anandiitana monga timaitanirana kuno, kutanthauza atate ake Brighton, nati: "Bashi Brighton, mlendo wanuyu tsiku lililonse akufunsa za kwawo. Ndipo lero akuyamba Chibesa ali mnyamata. Kunyumba kwanga mayi amagona sewero likangoyamba, ndilibe wokangana naye." Sanadikire yankho, anayamba kulumikiza mawaya.

Sewero latsopanoli likubwerera m'mbuyo, ku Kitwe wa m'ma 1980, Chibesa atangolowa kumene upolisi. Tsiku loyambalo tinali awiri. Tonse tinaona chinthu chimodzi: jekete ndi lomwe lija, likadali latsopano, koma mabatani onse anayi ndi akuda. A Boaz anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Pofika Lachiwiri nkhani inali itafika kumsika. Lamulungu lotsatira tinali asanu ndi awiri, linzakelo khumi ndi mmodzi. Onse ankati abwera kudzaona mlandu wa bana Brighton, ndiye kuti amake Brighton.

Aphungu, anthu amenewa samaonera mwakachetechete. A Boaz sakhutira ndi mnyamata amene akusewera Chibesa. Amati: "Uyu ndi wamtali kuposa mwini wake. Kapena atamukweza udindo anamudula miyendo?" Basi ikadutsa amati mtundu umenewo sunkapita ku Wusakile, zipewa za amgodi amati zayera kwambiri, zikuoneka kuti sizinalowepo pansi. Mayi Harriet, amasiye a kutsidya kwa mseu, amene ankagulitsa nsalu pafupi ndi Felistus, amalankhula ndi TV ngati mwana wawo. Mnyamatayo akamapesa tsitsi amati: "Pesa ndithu mwana wanga, ife tikudziwa kumene likupita." Ine ndinazindikira kuti Lachisanu likafika ndayamba kale kuwerenga masiku.

Lamulungu lathali anthu anachuluka mpaka ena anaima pakhomo. Mpando wa Felistus uli pawindo, ndipo masabata onsewa palibe amene ankakhalapo. Tsikulo mayi Harriet anabwera bondo likuwapweteka, ndiye ndinawauza ndekha kuti akhalepo. Makapu a masiku onse anaperewera, tinatulutsa a Felistus a maluwa a m'kabati.

Ndiye zinachitika. Chibesa akuthamangitsa wakuba mumsika, jekete linakodwa pamsomali wa tebulo la telala, batani n'kuthothoka. Telalayo ndi mtsikana, dzina lake Unity. Anafufuza m'kachitini kake, batani lakuda analibe. Anatenga lezala, n'kudula batani lobiriwira pabulauzi yake yomwe anavala, n'kumusokera mnyamatayo ataima pomwepo, akunamizira kuyang'ana kumene wakuba wathawira.

M'nyumba munaphulika. Mayi Harriet anaimba nthungululu, amayi ena n'kulandira. A Boaz anaimirira, n'kundigwira paphewa, n'kunena ngati woweruza: "Bashi Brighton, mlandu mwaluza, ndipo apilo kulibe." Ndinaseka. Ndinaseka mpaka misozi, mpaka m'nthiti kupweteka, koyamba chichokereni Januwale.

Nthawi yomweyo pakhomo panaima alamu anga a Georgina, akulu ake a Felistus. Amakhala ku Chifubu ku Ndola, ndipo anakwera minibasi kudzakambirana za Misa ya chaka ndi mwala wa pamanda. Amenewa ndi amene analera Felistus makolo awo atamwalira, ndiponso anagona naye m'chipatala masabata atatu omaliza. Sanalowe. Anayang'ana cha kuwindo nthawi yaitali, ndikuganiza kuti sanafune kundiyang'ana ine. Kenaka anandiitanira kuseri, pamtengo wa gwafa. Anati: "Alamu, ndiye kuti maliro anatha? Chibesa wanuyo wasunga jekete zaka 30, inu miyezi 8 yakukanikani." Ngakhale tiyi anakana, anabwerera ku siteshoni.

Lachiwiri ananditumizira uthenga pafoni kuti nyumba ikhale chete mpaka Misa ya mu Januwale, apo ayi za mwala ndipange ndekha, iwo sadzabwera. Sindingaike mwala wa Felistus popanda a Georgina. Sindikufunanso kuwataya, chifukwa kuchimuna kwathu ku Katete kunatsala anthu ochepa, abale anga enieni ndi iwowa.

Koma ndikuuzeni zoona. Anthu atachoka tsiku lija ndinatsuka makapu, kenaka ndinauza mpando uja kuti: "Munanena zoona, amake Brighton." Ndipo mumtima simunawawe ngati masiku onse. Zinali ngati tangomaliza kucheza.

Sewero latsala magawo anayi. Kodi ndibweze TV kwa a Boaz? Kodi ndinalakwira mkazi wanga poseka chaka chisanathe?

F.Z., Kitwe

Bambo F.Z.,

Pepani ndi maliro. Komanso mundilole ndiyamikire mayi Felistus, chifukwa kupambana mkangano wa zaka zisanu ndi zinayi anthu khumi ndi kuposa akuchitira umboni si chinthu chaching'ono.

Funso lanu lachiwiri ndi losavuta. Simunawalakwire. Anthu aja sanabwere kudzaiwala akazi anu, anabwera chifukwa akuwakumbukira bwino mpaka mawu amene ananena za ulusi. Amasiye ambiri amene amandilembera amadandaula kuti pakatha miyezi itatu aneba amaleka kutchula dzina la womwalirayo. Kwanu likutchulidwa Lamulungu lililonse. TV ikhale pomwe ili.

Tsopano tibwere kwa alamu anu. Mwanena nokha kuti mumatchula munthu wolakwa molakwika, ndipo apanso mwatero. Mukuimba mlandu TV, koma werenganinso kalata yanu. A Georgina akudziwa kuti Chibesa wasunga jekete zaka 30. Akudziwa bwanji? Amaonera. Ndipo ngati mseu wonse unamva za batani, mukuganiza kuti mkulu wake wa mwini nkhani sanamve? Koma Lamulungu lija, nthawi imene Unity ankasoka, iwo anali akadali panjira, asanafike pakhomo panu. Batanilo sanalione, ndipo inu pagwafa paja simunawauze chimene anthu ankaimbira nthungululu.

Chachiwiri, sanali kuthawa nkhope yanu. Pawindo pali mpando. Taimani pamene anaima iwo: mwabwera kudzakamba za mwala wa mng'ono wanu, mukupeza mayi wamasiye atakhala pampando wake, kapu yake ya maluwa ili m'manja, akuimba nthungululu, mlamu wanu akuseka mpaka misozi. Inu mukanaganiza kuti mwafika pachiyani? Ponena za jekete, a Georgina ankakufunsani ngati malo a mng'ono wawo mwapereka kale kwa wina.

Ndiye chitani izi. Pitani ku Chifubu Lamulungu lisanafike. Musayankhe pafoni, nkhani yotere ikalembedwa imauma. Mukafika musayambe n'kupepesa kapena kudziteteza. Yambani ndi batani. Afotokozereni monga mwandifotokozera ine, msomali, kachitini, lezala, ndi chigamulo cha a Boaz. Auzeninso zimene munauza mpando mutatsuka makapu, ngakhale ndikudziwa kuti kwa munthu ngati inu zimenezo n'zovuta kutulutsa pakamwa. Kenaka nenani mosazungulira kuti mayi Harriet munawakhazika chifukwa cha bondo, ndipo palibe china. Ngati mumtima mwanu muli china, musawanamize, koma m'kalata yanu ine sindikuchiona.

Mukatero aitaneni adzaonere nanu magawo otsalawo, ndipo muwauze kuti mpando wa pawindo ndi wawo. A Boaz ali ndi wilibala, abweretse benchi. Alendo azibwera ndi makapu awo, a maluwa abwerere m'kabati mpaka a Georgina atawatulutsa okha. Mayi Harriet muwapezere mpando wina wofewa ndipo muwauze chifukwa chake mwaulemu. Sanalakwe kanthu, ndipo pokhala amasiye adzamva msanga kuposa inu. Muimbireninso Brighton amve nkhaniyi kwa inu, asaimve kwa amayi ake aakulu akadali okwiya.

Zikhoza kutheka kuti a Georgina akane ulendo woyamba. Chisoni cha munthu amene analera mwana n'kugona naye m'chipatala chili ndi nthawi yakeyake. Zikatero musakangane nawo ndipo musatchule za mwala. Lamulungu limodzi kapena awiri gulu lonse likaonere kwa a Boaz, inunso mupite, kenaka mubwererenso ku Chifubu kukawauza zimene zachitika m'sewero. Chimene sindikuvomera n'chakuti mubwerere ku moyo wosesa ndi kukhala nokha mpaka Januwale.

Chenjezo langa ndi ili. Nonse amene mumadzaza nyumbayo mukudziwa kuti Chibesa wamkulu amakhala yekha. Unity kulibe. Mwa magawo anayi otsalawo, limodzi lidzaonetsa mmene anachokera, ndipo tsiku limenelo nthabwala za a Boaz zidzatha, anthu adzayamba kukuyang'anani chakumbali. Musadzazimitse TV, ndipo musadzathawire kugwafa. Koma musadzakhalenso pakati pa aneba okhaokha. Pali munthu mmodzi yekha amene adzamve gawo limenelo mofanana ndi inu, ndipo ali ku Chifubu. Kamutengeni nthawi ikadalipo, adzafike anthu akadali kuseka.

Aphungu