Mwana wathu akutchulidwa

Mng'ono wanga,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako ndi wa mlamu wanga. Ine kuno ndilipo, mawondo okha ndiwo akukangana ndi masitepe a nyumba ino. Akulemba ndi mkamwini, koma mawu ndi anga, ndipo ndamuuza kuti asakometse kalikonse.

Mwezi watha ndinamva mkamwiniyu akuuza mlendo kuti dzina la mwana wathu, mkazi wakeyo, latchulidwa maulendo zikwi ziwiri m'mapepala a anthu ena. Ukudziwa iwe, munthu akamatchulidwa chotero ndiye kuti pali mlandu kapena miseche. Sindinafunse munthu. Kutacha ndinavala jekete n'kuuza mwanayo kuti tipitira limodzi kuntchito kwake, akandionetse amene akumunena.

Anaseka mpaka kukhala pansi pakhomo, komabe ananditenga. Chipinda chake n'chozizira, muli mafuriji odzaza timabotolo ta magazi ndi makina ozungulira ngati ochapira zovala. Mkulu wa pamenepo, bambo wadazi, anandifotokozera kuti kwa iwo kutchulidwa ndi ulemu. Wophunzira asananene zake, amayamba wavomera kuti poyambira anatenga kwa uje, ndipo uje ameneyo ndi mwana wathu. Akuti ngakhale madokotala a kutali amawerenga zimene analemba. Ndinamuyankha kuti zimenezo ndimazidziwa kale, ndimangofuna kuona ngati iyeyo akuzidziwa.

Ntchito yake ndi kufufuza mafuta ena a m'magazi, amati kolesitolo, ndi mmene amagwirizanirana ndi matenda a shuga powononga mitsempha. Wadaziyo anayamba kundijambulira pabolodi, ine n'kumuletsa. Zaka makumi anayi ndakhala ndikutsegula mapaipi a m'makhitchini mwa anthu, ndiye wina andiphunzitse mmene mafuta amamatira m'kati? Ndinamuuza kuti paipi imaoneka bwinobwino kunja, madzi akudutsa ndithu, mpaka tsiku limene imangotsekeka, mwini nyumba n'kumati zangochitika mwadzidzidzi. Anangogwedeza mutu n'kufufuta bolodi lake.

Pamene ndinalakwa ndi apa. Ndinadzitama kuti amenewo ndi matenda a anthu onenepa, ife kwathu ndife owonda chibadwire. Mwanayo anati kuwonda sikutchinjiriza munthu, ndipo anapempha kuti ndikayezedwe. Ndinakana masiku atatu. Sanakangane nane. Anangondifunsa ngati achemwali athu aja anali onenepa, ndiponso kuti tinawaika m'manda ali ndi miyendo ingati. Tsiku lachinayi ndinapita kuchipatala n'kupereka mkono.

Andipeza nawo mafutawo, ndipo shuga naye akuyandikira. Tsopano ndimamwa kapilitsi kamodzi patsiku n'kuyenda mpaka kumsika, kupita ndi kubwera. Shuga wa mu tiyi mwanayo anandibisira. Ndikudziwa pamene ali, pamwamba pa kabati kuseri kwa mbale, koma sinditenga. Ndasiya ndekha, palibe wandiletsa.

Tsopano za iwe. Mlamu wandiuza pafoni, ndipo usamukalipire, kuti uli ndi chilonda pachala cha kuphazi, mwezi wachitatu uno sichikupola. Akuti umangomangapo kansanza n'kumanamizira nsapato, ndiponso ukumwa madzi ngati ng'ombe. Nditauza mwanayo anasiya kudya. Akuti achemwali zinayambanso chomwechi, ndipo chala chikachedwa chimatenga phazi.

Upite kuchipatala sabata ino. Ukawauze akuyeze shuga ndi mafuta a m'magazi, ndipo ukavule sokosi, awone chalacho ndi maso awo. Pepala limene akakupatse, mlamu alijambule pafoni atitumizire, mwanayo aliwerenga yekha. Zambiri sindikudziwa, koma iye akuti pakali pano mwendo ungapulumuke, ndipo ine ndamukhulupirira.

Chiyambire sindinakupemphepo kanthu. Ndakhala ndikungokulamula, ndipo nthawi zambiri ndimakhoza. Lero ndikupempha. Mkamwini waimitsa cholembera kundifunsa ngati alembedi mawu amenewa, ndamuuza alembe.

Undiperekere moni kwa mlamu, kwa amalume ngati makutu akumvabe, ndi kwa ana a achemwali onse. Mwana wako kuno akuti moni bambo aang'ono, ndipo foni yake saisiya patali mpaka pepalalo lifike.

Tsala bwino.

Ndine mkulu wako,
wokonza mapaipi uja.