Kodi Mbande Zanga Zimamva Mpeni?

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 46, ndipo ndagwira ntchito pa nazale ya mitengo ya zipatso kwa zaka khumi ndi ziwiri. Ntchito yanga ndi kumezanitsa: ndimadula mutu wa mbande ya ndimu, kuing'amba pakati, kulowetsamo kanthambi ka lalanje n'kumanga ndi pulasitiki. Sikudzitama ayi, pa mbande khumi zilizonse, zisanu ndi zinayi zinkagwira.

Vuto labwera ndi mwana wanga wamkazi amene ali ku yunivesite. Pa holide anabwera kudzandiona kuntchito, n'kukhala pa ndowa kumandiyang'ana. Kenaka akuti, "Amayi, mukudziwa kuti anthu ophunzira akukangana ngati zomera zimamva?" Ndinaseka. Iye osaseka. Anati tomato akamadyedwa ndi mbozi amatulutsa fungo lochenjeza anzake, ndipo kachitsamba kaja kotseka masamba ukakakhudza kamasiya kutseka kakazolowera kuti palibe choopsa. "Ndiye chinthu chokumbukira chingalephere kumva kuwawa?" Nditamufunsa kuti nanga iwe ukuti bwanji, anangoti, "Sindikudziwa, aphunzitsi athunso sakudziwa." Basi, wabwerera kusukulu, katundu wandisiyira ine.

Chichokereni iye, dzanja langa silili bwino. Ndikaika mpeni pa khungwa, timadzi tija tikangotuluka, ndimazengereza. Ndimaima pakati, kuyambiranso, kumacheka ngati nyama yolimba. Podulapo pamakhala manomano, kanthambi sikakhazikika, mbande n'kuuma. Mwezi watha theka lonse linafa. A kapitawo andiuza kuti, "Mayi, zikapitirira mwezi uno tiika wina pa benchi imeneyi." Ndiwauze chiyani? Kuti ndikumvera chisoni ndimu? Angandiseke mpaka kugwa.

Chondizunguza mutu n'chakuti ndikafika kunyumba ndimadula kabichi osaganiza kanthu. Ndiye chisoni changachi n'chenicheni, kapena ndayamba misala? Ngati mitengo imamvadi, zaka zonsezi ndakhala ndikuchita chiyani? Ndisiye ntchito?

E. N., wa ku nazale

Mayi E. N.,

Misala mulibe. Mwana wanu wanena zoona kuti nkhaniyi ndi ya mkangano, ndipo ine sindikunamizani kuti ndili ndi yankho. Koma pali zinthu ziwiri zimene mwaziphatikiza. Kuzindikira ndi kwina, kumva kuwawa ndi kwina. Chitseko cha m'sitolo chija chimatseguka chokha mukayandikira, koma sichikondwa kuti mwabwera. Inde, mtengo si chitseko, ndi wamoyo, n'chifukwa chake ena amati mwina mkatimo muli kenakake. Ena amati popanda ubongo palibe amene akumva kalikonse. Ndawerenga mbali zonse ziwiri, nanenso mutu unazungulira.

Ndiye musadikire kuti ophunzirawo agwirizane, adzakupezani mulibe ntchito. Nolani mpeni m'mawa uliwonse. Musanagwire mbande, yeserani pa nthambi zodula kale, makumi awiri, mpaka dzanja likumbuke. Ngati mtima ukufuna kupepesa, pepesani musanaike mpeni, osati mpeni uli pakati. Kwa a kapitawo musakakambe za ku yunivesite. Auzeni kuti dzanja linasokonekera, mupemphe masabata awiri. Mwanayo muimbireni foni, mumuuze zimene funso lake lachita. Si kumukalipira ayi, koma adziwe kuti iye anafunsa atakhala, mpeni uli m'manja mwanu.

Chenjezo langa ndi ili. Kuzengereza kwanuku sikukupulumutsa mbande ndi imodzi yomwe, kukuzipha. Ndipo mukasiya ntchito, mandimuwo sapita pa tchuthi. Lolemba lotsatira pa benchi yanu padzakhala munthu wina wophunzira kumene, amene adzadula kanayi pamene inu munkadula kamodzi, ndipo sadzadzifunsa n'komwe.